Kamtondo ka Shuga

Amai anga, kodi kumeneko muli bwanji? Nakonso kukutentha monga kuno, kapena kumene muliko kulibe Okutobala?

Ndine Zelipa. Ndikulemba nditakhala pakhonde panu, pa kampando kaja kopendekela mwendo umodzi. Kuno ku Nyimba dzuwa likuswa mtengo, nkhuku zikungoyenda kukamwa kuli yasa. Ndachedwa kukulembelani, ndikudziwa. Nkhani zachuluka, ndipo imodzi ndi yolemela. Ndiyamba ndi zopepuka, pakuti inu munkati mlendo sumuuza zovuta asanamwe madzi.

Mlamu wanga, mkazi wa mlongo wanga Yobe, anachila bwino nthawi yokolola. Ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha Esinati, dzina lanu. Makutu ndi anu enieni, ndipo akayamba kulila mudzi wonse wa ku Ndake umadziwa kuti wadzuka. Yobe akuti ngakhale mawu watengela inu, koma zimenezo wanena ndi iye, osati ine. Chimanga chao chinachita bwino, thonje ndilo linadyedwa ndi mbozi. Nthochi zanu za kuseli zabeleka mikoko mpaka tachita kuchilikiza ndi mitengo. Mbuzi za a Tembo zinalowa n'kudya timitengo ta mandimu timene munaokela, patsala kamodzi chabe, ndakatchinga ndi minga. Ine ndinatseka kashopu kanga kosokela ku Petauke, makina ndabwela nao kuno, ali m'chipinda chimene munkasungila mabeseni.

Manje imvani imene yandibweletsa kuno. Atate sali bwino, Amai.

Thupi silikuwapweteka ai. Mutu ndiwo ukuchoka pang'onopang'ono. Munaziona zikuyamba muli moyo, muja ankafunafuna magalasi ali nao pamphuno, inu n'kumawaseka kuti aphunzitsi apuma ntchito pamodzi ndi nzelu zao. Chipitile inu zafika pena. Poyamba ankandifunsa m'mawa uliwonse kuti, "Zelipa, amako apita kuti?" Ine n'kuwauza zoona. Iwo n'kulila ngati uthenga wangofika kumene, kukacha n'kufunsanso. Ndinaona kuti ndikuwaikitsa malilo anu tsiku ndi tsiku, ndiye ndinaleka. Ndinayamba kuwauza kuti mwapita kukapeleka keke ku ukwati, iwo n'kugwedeza mutu, mtima uli m'malo.

Kenaka anandiiwala ine. Tsiku lina ndikuwapatsa madzi osamba anandiyang'ana mwaulemu n'kunena kuti, "Zikomo kwambili, mai. Kodi ndinu a kuti?" Kuyambila pamenepo ndine mlendo wachifundo amene amabwela kudzasesa. Ndipo chakudya cha mlendo sachidya. Ndikaika mbale patsogolo pao amaivundikila bwinobwino n'kunena kuti, "Awe mukwai, ndidikila akazi anga. Ife sitidya payekhapayekha." Chibemba chao chija chimene anachisiya kalekale chayamba kubwelela. Amamwa tiyi pang'ono, mwina kachidutswa ka nthochi ngati aiwala kuti akudikila. Lamba wao ndaboola mabowo atsopano mpaka malo atha.

Anesi a ku chipatala anawapima paliponse, anati matenda ena palibe, koma munthu wosadya sakhalitsa. Atate aang'ono a ku Luapula, mng'ono wao uja, atamva anaimba foni. Anati, "Mwana wanga, ngati mwezi uno utha asanayambe kudya, tibwela kudzawatenga. Mwina akamva chilankhulo cha kwao adzadya. Zikakanika, munthu azitsilizikila pakati pa abale ake." Sananene mwankhanza, ndipo sindiwada. Koma ine ndinalipo tsiku limene tinakuikani. Atate analoza pambali pa manda anu ndi ndodo yao, nzelu zikadali zonse, n'kunena kuti apa ndi panga. Anabwela kuno ali mnyamata kudzaphunzitsa, anakupezani inu, sanabwelelenso. Akapita ku Luapula ali chonchi, sadzabwelako, ndipo malo aja adzakhala opanda mwini. Ndinachita mantha kwambili.

Za keke zinandibwelela tsiku limene ndinawapeza m'khichini atatsegula kabati, atagwila supuni yanu yamtengo ija, akuinunkhiza. Ndinakumbuka nkhani imene munkakonda kutiuza, ya mmene munkagulitsila timakeke ta m'makapu pa geti ya sukulu muli mtsikana. Mphunzitsi wachilendo ankagula kamodzi tsiku lililonse, n'kunyambita zoyela za pamwamba, keke yeniyeniyo n'kupatsa ana. Munkati, "Munthu uyu sanakwatile ine, anakwatila aisingi, ine ndinangobwela ngati mbale yake." Ndinati mwina chimene chinawakokela kwa inu chikhoza kuwatsegulanso pakamwa.

Ndinakwela basi kupita ku Petauke, ndinagula shuga wa aisingi wa m'paketi, majalini ndi ufa. Ndinaphika mamafini a nthochi. Chifukwa cha phuma ndinapaka akadali ofunda, zonse zinasungunuka n'kutsikila m'mbale ngati phala la mwana. Ndinakumvani m'khutu mukunena kuti, "Keke yotentha siivekedwa malaya, iwe Zelipa, idikile ipume." Ndinayesanso mawa lake, ndipo ulendo uno zinakongola. Ndinadula kakona ka pepala la shuga monga munkachitila, n'kufinya timaluwa pamwamba. Atate anayang'ana, anagunda ndi chala, analawa. Anati, "Zokongola, mai. Mwagula sitolo iti?" N'kukankhila mbale kwa ine. Ndinaseka ndekha mowawa, pokumbuka zimene munkanena mukaona makeke a m'magalasi a m'tauni, kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyelele.

Pamenepo ndinakhala pansi n'kuyamba kukumbuka bwinobwino mmene inu munkachitila. Inu shuga wa m'paketi simunkamugula, munkati akununkha kabati ya sitolo. Munkatenga shuga wamba n'kumusinja nokha m'kamtondo kanu kakang'ono kaja, kamene sikankaloledwa kuona nsinjilo, mchele, ngakhale tomato. Mukasinja munkasefa pa kansalu kopyapyala, zotsala pamwamba n'kubwezela m'kamtondo. Ndipo m'malo mwa ndimu munkathila kaufa ka malambe ka pansonga ya supuni, kuti kutsekemela kusalemele pa lilime. Ndinadzuka kukafuna kamtondoko, ndipo m'pamene ndinakumbuka kuti kulibe. Pogawa katundu wanu pambuyo pa malilo, akuluakulu anaona kakang'ono, anati aka n'koyenela amai aang'ono a ku Luembe, mng'ono wanu. Ine nthawi imeneyo maso anali otupa, sindinaone n'komwe chimene chikupita kuti.

Ndinasiya Atate m'manja mwa Yobe, ndinakwela njinga yamoto kupita ku Luembe. Fumbi lake, Amai! Ndinafika nditayela ngati ndagona m'chigayo. Amai aang'ono anandilandila ndi misozi, kenaka n'kuyamba kundinyoza kuti ndaonda ngati bango. Nditafotokoza chimene ndadzela, anayang'ana kumbali.

"Kamtondo kaja?" anatelo. "Mayo ine. Mwana wanga, usandimenye."

Analowa m'nyumba n'kubwela nako. Ndisanakagwile n'komwe ndinayetsemula. Amai, mng'ono wanu wakhala akusinjilamo nsunko! Fodya wake uja wa m'mphuno! M'kati monse munali bii, kamunsi kake nakonso.

"Nanga ine ndikanadziwa bwanji?" anatelo. "Anandipatsa kamtondo kakang'ono, ndinati akulu anga andiganizila. Kuno kamtondo kotele ntchito yake ndi imodzi. Ndani anamvapo munthu wosinja shuga? Shuga si wosinjasinja kale?"

Ndinafuna kukwiya, koma ndinapezeka ndikuseka, iwonso akuseka, mpaka kuseka kuja kunasanduka kulila, tonse awili titagwilana pa mphasa. Anati akamasinja amamva ngati muli pafupi, chifukwa kamunsi kanasalala potsata dzanja lanu. Ndiye anati, "Tenga, koma ndakubweleka chabe. Ndi chokhacho chimene ndili nacho cha akulu anga. Alamu akadya, udzandiuze." Anandipatsanso malambe a mumtengo uja wa kumunda kwa agogo, umene munkatolako muli ana.

Kuchotsa fungo la nsunko inali nkhondo. Ndinatsuka ndi madzi otentha ndi phulusa, ndinakwecha ndi mchenga, ndinayanika padzuwa. Kununkhabe. Ndinasinjilamo gaga ndi makoko a mandimu, kutaya, kusinjanso, kutaya, mpaka mikono inauma. Gaga woyambayo ndinathilila nkhuku, ndipo ndikulumbila, tambala wanu wofiila uja anayenda chammbali tsiku lonse. Uku masiku akupita, mwezi ukutha, Atate akungogona chogonela, kudzuka kokha mpaka kuwagwila. Atate aang'ono anaimbanso kunena kuti ayamba kufunsa za galimoto. Ndinapemphela, ndinati Mulungu, ndathela pano.

Tsiku limene fungo linatha ndinayatsa mbaula masana. Ndinathila mchenga m'poto wanu wamkulu, ndinaika makapu achitsulo aja odzozedwa majalini, ufa wokanda uli m'kati, makala ena pamwamba pa chivundikilo. Timakeke titapsa ndinatichotsa n'kutivundikila ndi lichelo kuti tipume, ndipo ulendo uno sindinachite phuma. Ndinakhala pa kampando kano, kamtondo pakati pa miyendo, ndinathila shuga wodzaza dzanja n'kuyamba kusinja.

Ndinali nditaiwala kuti shuga ali ndi kulila kwake. Sali ngati chimanga kapena nsawa. Poyamba amati tsweee, tsweee, ngati munthu akuyenda pa mchenga, kenaka akamafewa mawu amatsika n'kumangoti du, du, du. Inu munkasinja kawili n'kupotoza kamunsi, kawili n'kupotoza. Manja anga anachita zomwezo osawauza. Ndili m'kati mosinja ndinamva chitseko chikulila kumbuyo kwanga. Sindinacheuke. Ndinamva mapazi akukhwekhweleza, ndodo ikugunda simenti, kenaka munthu akukhala pansi pambali panga ndi kubuula. Anali Atate, amene sabata yonse sanatuluke okha m'chipinda.

Nditatenga kansalu kosefela n'kukayala pa beseni, anatambasula manja n'kugwila makona awili, n'kukoka kuti kawongoke. Amai, ndinali nditaiwalanso zimenezi, kuti kusefa kwanu kunkafuna anthu awili, ndipo wogwila nsalu nthawi zonse anali iwo, nyuzi ili pamwendo, akudandaula kuti mphunzitsi wamkulu wasanduka chopachikila nsalu. Ine ndinagwila makona enawo ndi dzanja limodzi, linalo ndikupukusa shuga ndi supuni. Ufa woyela unayamba kugwa m'beseni, wina kuuluka n'kutela pa nsidze zao. Iwo anagwilabe nsalu osataya.

Ndinaika mbale ya majalini m'beseni la madzi ozizila a mumtsuko, kuti kutentha kusandisungunulile. Ndinatakasa ndi supuni yanu yamtengo mpaka majalini anayela. Ndinayamba kuthila shuga pang'onopang'ono, ndikutakasa, kenaka kaufa ka malambe, kenaka mkaka. Pa mkaka ndinasamala, pokumbuka mawu anu akuti zamadzi zimalowa dontho dontho, pakuti ukathila sungazitolenso. Zitagwilana bwino, zoti ukaimika supuni siigwa, ndinaona chala chikubwela chammbali, mwakachetechete, kulunjika m'mbale.

Sindinaganize n'komwe. Ndinachigogoda ndi supuni n'kunena kuti, "Aphunzitsi, manja!"

Mawu anu, Amai, ndi kakwezedwe kake komwe. Anatuluka okha.

Atate anaseka. Kuseka kuja kwa m'mimba kumene sitinakumve chiikile malilo anu. Ananyambita chala, anatsinzina, n'kukhala choncho kanthawi. Atatsegula maso anandiyang'ana nkhope yonse ili ngwee, n'kunena kuti, "Amake Zelipa, mwachedwatu. Ukwati wake unali wakutali?"

Ndikanatha kunena kuti ai Atate, ndine mwana wanu. Ndinayang'ana mikono yao, mmene yatsalila mafupa okhaokha, ndinayang'ana mbale. Ndinati, "Unali wakutali, aphunzitsi. Koma ndabwela."

"Ndiye tidye," anatelo. "Ine njala yandipha, ndimadikila inu."

Ndinapaka kakeke kamodzi n'kuwapatsa. Ananyambita pamwamba poyamba, monga mwa masiku onse, koma ulendo uno keke yake anadyanso, mpaka nyenyeswa za pa malaya. Ndinathamanga kukatenthetsa phala la nsinjilo limene anakana m'mawa, tinadya mbale imodzi, iwo akundiuza nkhani za ana a m'kalasi mwao amene lelo ali ndi zidzukulu.

Kuyambila tsikulo akudya, Amai. Osati kwambili, koma akudya. Anesi anandichenjeza kuti keke si chakudya, ndisawazoloweze shuga, ndiye ndimachita mwanzelu. Masana ndimasinja pang'ono chabe kuti amve kulila kwa kamtondo, amatuluka, amagwila nsalu, timadya chakudya chenicheni pamodzi, kakeke kamabwela pambuyo, nthawi zina theka. Masiku otentha kwambili ndimapanga ya madzi ija yopanda majalini, ya shuga ndi malambe chabe, imene imauma pamwamba ngati chigoba cha dzila. Dzulo ndinayesa ya ufa wa chokoleti, anati mwayamba zachilendo. Atate aang'ono anaimba, ndinawapatsa foni, analankhulana Chibemba nthawi yaitali. Pomaliza anandiuza kuti, "Akuti akazi ao abwela, sangachoke. Mwana wanga, sindikufunsa zambili. Asiye akhale." Ndinamva kuti naonso akulila. Amai aang'ono ndawatumizila uthenga, ayankha kuti kamtondo kakhale kuno mpaka ntchito yake idzathe, iwo apeza kachitini kosinjilamo fodya wao.

Ndiye Atate sakupita ku Luapula. Ndinayenela kusangalala, ndipo ndikuthokoza Mulungu zoona. Koma ndikuuzeni chilungamo, mtima wanga ukuwawa. M'nyumba muno tsopano mulibe amene amanditcha mwana. Inu munapita, ndipo Atate akandiyang'ana amaona inu. Ndimayankha dzina lanu kuyambila m'mawa mpaka madzulo. Mundikhululukile ngati ndikulakwa kulivala, ndilibe njila ina.

Pali mawu amodzi amene ndawasungila kumapeto, chifukwa ndikawakumbuka cholembela chimandigwa. Tsiku loyamba lija, titatha kudya, ndinatola ziwiya kuti ndikatsuke. Nditanyamula mbale ya aisingi, Atate anandigwila mkono.

"Iyo musatsuke," anatelo. "Musiyileni Zelipa, akaweluka kusukulu adzakombeze. Mukudziwa mmene amakondela mwana uja. Ivundikileni, nyelele zingamudyele."

Sanandiiwale, Amai. Akundidikila ndibwele kuchokela kusukulu, ndili ndi yunifomu ndi fumbi m'miyendo. Ndinati chabwino, ndimusungila. Ndinatenga mbale ija n'kupita nayo kuseli, pansi pa nthochi zanu, ndinakhala pa dothi n'kuikombeza yonse ndi chala, ndikulila. Tsiku lililonse amanena zomwezo, ndipo tsiku lililonse ndimapita nayo kuseli.

Ndilekele pano, dzuwa lapendeka ndipo ndamva ndodo ikugunda m'chipinda. Ndikulonjeza kuti ndidzasinja shuga ameneyu masiku onse amene Mulungu awapatse, ndipo sadzadya okha ngakhale tsiku limodzi. Nthawi yao ikadzakwana ndidzawabweletsa ndekha pambali panu, pamalo amene analoza. Mukadzawalandila, mudzawauze kuti Zelipa anaweluka, mbale anaipeza, ndipo inali yokoma.

Ndimakukondani, Amai, ndipo ndakusowani koopsa.

Ine mwana wanu,
Zelipa